Mapadi ndi madisiki: nkhani ya ife oyenda msewu wa Zomba tsiku ndi tsiku

 Moni inu a kuno kwa Mpama, a paboma pa Chiradzulu, a ku Njuli, a ku Mbulumbuzi mpaka ku Namadzi, ndi inu amene pakali pano manja ali pa chiwongolero wailesi ikulira. Lero tikambirane za mabuleki, makamaka zitsulo ziwiri zimene zimabisala kuseri kwa tayala lakutsogolo, padi ndi disiki.

Mukalawira m'mamawa n'kukaima m'mbali mwa msewu wa Zomba, mudzaona mmene dera lathu limasamukira m'tauni tsiku lililonse. Aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'makampani a ku Limbe ndi ku Makata, amayi a geni ndi madengu awo a tomato ndi kabichi, onse ulendo wa ku Blantyre. Owanyamula ndi ma Sienta, ma Probox, ma Vitz, ma Note, ma Freed ndi maminibasi. Zambiri mwa galimoto zimenezi zinayenda kale zaka zingapo ku Japan, zinakwera sitima n'kudzatsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban. Kwawoko zinkayenda pa phula losalala zitanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Kuno zimayamba ndi fumbi la kumudzi, zilowe phula, zitsike zitunda, ziime pa Njuli, ziime pa Mapanga, zikafika pa Kachere n'kumangokwawa, phazi lili pa buleki mpaka mu Limbe. Madzulo chimodzimodzi. Oyilo timasintha pa nthawi yake, poti injini ikafa ndiye kuti ulendo watha. Koma mabuleki timawakumbukira akayamba kulira.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine. Ndili ndi Sienta yakale ija ya nyali zozungulira, imene ndimayendera kuntchito. Chaka china, mvula itangoyamba, inayamba kulira ndikaponda buleki, kaphokoso kosongoka ngati munthu akunola mpeni pamwala. Ndinapirira nako masabata awiri. Loweruka lina ndinachotsetsa padi imodzi, ndinaikulunga mu jumbo, ulendo wa ku Limbe. Mushopu ina ya masipeya mnyamata anaiyang'ana, anaitembenuza, kenaka anatsitsa mabokosi atatu n'kuwandanda pa kauntala. Anati, "Bwana, iyi ndi orijino, iyi ndi yapakati, iyi ndi yoti muyendereko." Mtengo wa bokosi loyamba unali wokwana kugula lachitatulo katatu. Unali pakati pa mwezi, fizi ya ana ndinali ndisanamalize. Ndinatenga yoti ndiyendereko. Mnyamata wina anandiikira pansi pa mtengo, theka la ola ntchito yatha. Disiki sanaiyeze, sanaiyang'ane n'komwe, ndipo ine sindinafunse.

Patapita mwezi kumudzi kunagwa zovuta. Pobwerera ku maliroko galimoto inadzaza, anthu asanu ndi mmodzi ndi matumba awiri a chimanga kumbuyo. Tinayamba kutsika chitunda chachitali, phazi langa lili pa buleki kuchokera pamwamba. Ndinamva fungo ngati la waya wopsa, koma ndinayesa kuti likuchokera panja. Kumunsi, kamtsikana kasukulu kovala yunifolomu ya buluu kanatulukira kutsogolo kwa minibasi imene inaima tsidya lina, n'kulowa mumsewu. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Pedulo inali gwa pansi pa phazi, koma galimoto inkangopita ngati ikutsetsereka pa matope. Ndinakhotetsera kumanzere, m'maudzu, mpaka tinaima. Kamtsikanako kanali kataima chilili, kope lili m'manja, pafupi moti ndikanakakhudza nditatulutsa mkono pawindo. Mayi wina amene anakhala kumbuyo anangoti, "Mayo ine, Ambuye!" M'matayala onse awiri akutsogolo munkatuluka utsi. Miyendo yanga inanjenjemera mpaka kunyumba.

M'mawa mwake ndinapita kwa bambo wina wachikulire, makaniko amene wagwira ntchitoyi kuyambira nthawi ya ma Peugeot 504 ndi ma Datsun. Anakweza galimoto pa jeki, anamasula tayala, anatulutsa mapadi n'kundipatsira m'manja. "Achimwene, tagwirani apa." Nkhope ya padi inali see ngati galasi, ikunyezimira, ili ndi ming'alu, m'mphepete ikuyoyoka ngati njerwa yosapsa. Kenaka anayendetsa chala pa disiki. Inali itachita mtundu wa buluu, yodzaza mizere, ndipo kumapeto kwake kunali mlomo woti chikhadabo chimakodwa. Anatenga bulashi ya waya n'kupala dzimbiri mpaka zilembo zinaonekera: MIN TH, ndi nambala pambali pake. Anandiuza kuti nambalayo ndi malire a kuwonda kwa disiki amene anaika opanga. Anatulutsa veniya m'thumba la ovololo, anayeza pakatikati, kupewa mlomo uja, n'kundionetsa. Inali itapyola malirewo ndi pafupifupi milimita yathunthu. Anati, "Disiki iyi inatha kalekale. Mukanaika ngakhale padi ya ku Japan ikanavutikabe. Ndiye inu mwaphatikiza ziwiri, padi yofooka pa disiki yowonda."

Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo lero. Ambirife timati tasintha mabuleki pamene tangosintha mapadi. Koma padi ndi disiki ndi mtondo ndi munsi, china sichigwira ntchito popanda chinzake, ndipo pogula tiyenera kuziganizira pamodzi.

Buleki imagwira ntchito ndi moto. M'mwezi wa June mukapikisa zikhatho zimafunda, ndipo n'zomwezo. Mukaponda pedulo, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni ya mu kalipa, kalipa imafinya mapadi awiri pa disiki imene ikuzungulira limodzi ndi tayala, ndipo liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha. Ntchito ya padi ndi kugwirabe ngakhale itatentha. Ntchito ya disiki ndi kumeza motowo n'kuutaya mumphepo, n'chifukwa chake madisiki ambiri akutsogolo ali ndi mipata pakati yodutsa mpweya. Disiki yokhuthala ili ngati mphika wachitsulo, umatenga nthawi kuti ufiire. Yowonda ili ngati chitini pa mbaula. Pa chitunda chachitali galimoto italemedwa, kutentha kumatha kupitirira madigiri 400. Padi yachabechabe ikafika pamenepo, zomatira zake zimapsa, nkhope imasalala, imangotsetsereka pa chitsulo. Ndicho chifukwa chake pedulo yanga inali yolimba koma galimoto osaima.

Pali masamu ena oyenera kuwadziwa dalaivala aliyense. Kuimitsa galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola si ntchito yowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya makilomita 40, koma kanayi. Pa 80 mumadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, musanasunthe n'komwe phazi. Katundu nayenso amawonjezera moto molingana ndi kulemera kwake. Ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kapena kuposa, limagwera matayala akutsogolo, chifukwa mukaponda buleki galimoto imaweramira kutsogolo. Tsono taganizirani Sienta ya matola imene yanyamula anthu asanu ndi anayi, madengu pamwamba, ikuima pa siteji iliyonse. Timapadi timeneto tikugwira ntchito imene ku Japan sanatipangire.

Tsopano tili pa kauntala. Chinthu choyamba kunyamula si padi yakale mu jumbo ayi, koma shasi nambala. Ili mu bluebook, ilinso pa kachitsulo kokhomedwa m'boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Kunena kuti "ndikufuna za Sienta" sikukwanira. Pali Sienta ya NCP81 imene inayamba kupangidwa mu 2003, palinso ya NSP170 imene inabwera mu 2015. Probox ilipo ya NCP51, ilipo ya NCP160 yochokera mu 2014. Vitz ilipo ya KSP90, ilipo ya KSP130. Mapadi ena amafanana ukawayang'ana ndi maso, koma amasiyana makutu, amasiyana makulidwe, amasiyana pokhala tizipanira. Ndaonapo padi ikupalidwa makutu pa galayinda kuti ilowe mokakamiza. Padi yofuna kupalidwa si ya galimoto yanu, ibwezeni. Ikalowa mothina imakanirira pa disiki n'kumapsa ulendo wonse, ikalowa mokhwepa imagogoda n'kutha mopendekeka.

Mapadi alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Pali ofewa, opangidwa ndi ulusi, mphira ndi zomatira, amene pa bokosi amalemba kuti organic. Sachita phokoso, sadya disiki, koma amatha msanga ndipo sapirira moto wambiri. Pali osakaniza ndi zitsulo, olembedwa semi-metallic. Awa amapirira moto ndi katundu, koma amadya disiki mofulumirirapo, amadetsa marimu ndi fumbi lakuda, nthawi zina amalira. Ndiye pali a ceramic, amene ali chete, aukhondo, okhalitsa, komanso okwera mtengo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati galimoto yanu ndi ya kuntchito, inu ndi banja lanu, Limbe m'mawa kwa Mpama madzulo, gulani padi yofanana ndi imene galimotoyo inatuluka nayo ku fakitale, yochokera kwa opanga odziwika. Simukusowa zoposa pamenepo. Ngati ndi ya matola kapena Probox yonyamula katundu tsiku ndi tsiku, semi-metallic yabwino ndiyo ingakuthandizeni, ndipo muvomereze kuti madisiki muzisintha pafupipafupi. Mawu akuti ceramic asakutengeni mtima. Kulemba pa katoni n'kosavuta, ndipo ceramic yotchipa kuposa padi wamba ikupatseni mafunso.

Mayina a opanga enieni ndi odziwika. Ku Japan kuli Akebono, kampani imene inayamba mu 1929, kuli Advics ya m'banja la Toyota, kuli Nisshinbo. Amenewa ndi amene amapangira mafakitale a galimoto zimene timayendazi. Ku Ulaya kuli Bosch, ATE, TRW, Textar, Brembo, ndi Ferodo imene Herbert Frood anayambitsa ku England mu 1897, atayamba ndi mabuleki a ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ku South Africa kuli Safeline. Vuto n'lakuti dzina likatchuka, akuba amalikopera. Choncho bokosi lokha lisakukhutiritseni. Pemphani alitsegule pamaso panu. Onani ngati nambala ya pa bokosi ikufanana ndi yodindidwa kumsana kwa padi. Onani zilembo, ngati zili zolunjika kapena zofufutika, ngati dzina lalembedwa molondola. Yang'anani pamene nyama ya padi yalumikizana ndi chitsulo chake: pasakhale mpata, pasakhale guluu wotuluka m'mbali, utoto usakhale wopakidwa mpaka pankhope. Kandani ndi chikhadabo m'mphepete, isayoyoke. Padi yabwino ya galimoto za ku Japan kawirikawiri imabwera ndi kachitsulo kochenjeza kaja kamene kamakhudza disiki n'kulira padi ikatsala pang'ono. Kulira kumene ine ndinapirira nako masabata awiri kunali kachitsulo kameneka kakugwira ntchito yake.

Pali zizindikiro ziwiri zimene wogula angawerenge. Ku Ulaya kuli lamulo lotchedwa ECE R90, limene limafuna kuti padi yogulitsidwa ngati sipeya igwire mosasiyana ndi yoyambirira kupitirira magawo 15 pa 100 alionse, ndipo bokosi lake likhale lomatidwa. Padi yotere imakhala ndi chilembo E m'kabwalo, kenaka 90R ndi manambala. Chachiwiri, m'mbali kapena kumsana kwa mapadi ambiri mumapezeka zilembo ziwiri, monga EE, FF kapena GG. Choyamba chimanena kagwiridwe ka padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri itatentha. F imagwira kuposa E, G kuposa F. Mukaona FE, ndiye kuti padiyo ikatentha imafookako, ndipo pa zitunda zathuzi ine ndingasankhe FF. Mapadi ena enieni a ku Japan alibe chizindikiro cha ku Ulaya chija, choncho kusowa kwake kokha si umboni woti ndi feki. Koma padi yopanda dzina, yopanda nambala, yopanda chilembo chilichonse, isiyeni pomwepo. Imene ndinagula ine inali yotero, kumsana kwake kunali kwakuda bii.

Nanga za kaunjika? Sindingazinyoze zonse, chifukwa tonse tikudziwa kuti sipeya yochotsedwa pa galimoto ya ku Japan nthawi zina imaposa yatsopano yabodza. Disiki ya kaunjika ingagulidwe ngati yayezedwa n'kupezeka kuti ikadali ndi nyama, ilibe mng'alu, ndipo zilipo ziwiri zofanana. Pa mapadi ndimakayika kwambiri. Yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ikafika pa 3 yatha. Mukagula yotsala ndi 5, mwagula miyezi yochepa, kulipira makaniko kawiri. Zimene ndikukana kotheratu ndi mapadi omatidwa, amene munthu watenga chitsulo chakale n'kumatapo nyama ina ndi guluu. Ku fakitale amamata ndi makina, pa moto ndi mphamvu yoyezedwa. Yomata pamanja imatha kusupuka yonse nthawi imodzi, pedulo n'kugwa pansi.

Ndipatuke pang'ono ndilankhule ndi amakaniko, makamaka anyamata ophunzira ntchito. Kale mapadi ankapangidwa ndi asbestos, ulusi wa mwala umene fumbi lake limawononga mapapo ndi kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. South Africa inaletsa asbestos mu 2008, mayiko ena ambiri analetsanso, koma si dziko lonse lapansi. Padi yopanda dzina simungadziwe chimene chili m'kati mwake. Musamauzire fumbi la mabuleki ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Nyowetsani, pukutani ndi sanza, sambani m'manja musanagwire nsima.

Tibwerere ku disiki, poti ndi imene timaiiwala. Madisiki ambiri a galimoto zing'onozing'ono amaloledwa kudyeka mamilimita awiri okha kuchokera pa utsopano wake. Awiri okha. Ndi maso simungaone, pamafunika veniya kapena maikulomita. Choncho nthawi iliyonse mukusintha mapadi, nenani mwaulemu kuti, "Amisiri, tayezani disikiyo ndione nawo." Ikakhala pamwamba pa malire, yosalala, yopanda mng'alu, isiyeni igwirebe ntchito, palibe chifukwa chotayira ndalama. Ikakhala ndi mizere yakuya koma nyama ikadalipo, ingapite ku makina akaisikime. Koma kumbukirani kuti kusikima ndi kupala, kumachotsa chitsulo. Funso lofunsa ndi lakuti, ikachoka pa makinapo itsala yokhuthala bwanji? Ngati itsikira pa malire kapena kupyola, ndalama ya kusikima ndi bwino iwonjezere pogula yatsopano. Disiki ya mng'alu ndiye palibe zokambirana, ndipo musalole kuti iwotcheredwe.

Pogula yatsopano, tengani wamba, yosalala, yofanana ndi yakale m'lifupi, makulidwe ndi mabowo a maboti. Ilipo ina yobowolabowola ndi ya mizere yokongola imene achinyamata amaisirira. Imeneyo anaipangira galimoto za mpikisano. M'misewu yathu mabowowo amadzaza matope ndi mchenga, ndipo pa disiki yotchipa ming'alu imayambira pomwepo. Poika, makaniko apale dzimbiri lonse pa habu mpaka chitsulo chiwale, chifukwa kadzimbiri kochepa kamakhazika disiki mopendama, ndipo pakapita miyezi chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukaponda buleki. Ambiri zikatero amati anawagulitsa disiki yopindika, pamene vuto linali pa habu. Atsukenso mafuta amene opanga amapaka kuti disiki isachite dzimbiri m'bokosi. Manati a tayala amangidwe modumphitsa, mofanana, osati munthu kukwera pa sipanala ndi thupi lonse. Ndipo inu eni ake, mukangofika kuchokera ku ulendo wautali musathire madzi ozizira pa madisiki otentha. Dikirani azizire ndiye mutsuke.

Lamulo limodzi lisaphwanyidwe ngakhale thumba litaphwa bwanji: mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, madisiki chimodzimodzi. Mukaika chatsopano kumanja n'kusiya chakale kumanzere, tsiku loponda mwadzidzidzi galimoto idzakokera mbali imodzi, mwina kumene kukubwera lole, mwina kumene kukuyenda wa kabaza.

Bambo aja anandiphunzitsanso kuwerenga mapadi akale. Musawataye musanawaone. Aikeni pansi onse anayi. Akakhala kuti atha mofanana, zinthu zili bwino. Ikakhala kuti imodzi yatha mpaka pa chitsulo inzake ikadali ndi nyama, kapena yatha mopendekeka ngati nkhwangwa, vuto lili mu kalipa. Kalipa imayenda pa timapini tiwiri totetezedwa ndi timphira. Kuno kwathu fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimang'amba timphirato, madzi amalowa, mapini amachita dzimbiri n'kuuma. Amene munayendetsa galimoto m'madzi ndi m'matope a namondwe Freddy mu March 2023 mukudziwa zimene zinatsatira ku magalaja. Mapini atulutsidwe, atsukidwe, apakidwe girisi woyenera mabuleki, chifukwa girisi wamba amatupitsa mphira. Popanda zimenezi, padi yabwino ya ndalama zambiri idzatha mwezi umodzi, inu n'kumatukwana wogulitsa wosalakwa.

Mafuta a mabuleki ndingodutsapo mwachidule. Pa chivindikiro palembedwa mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4. Mafutawa amayamwa chinyezi. DOT 3 yatsopano imawira pa madigiri osachepera 205, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 140, ndipo ikawira pedulo imalowa pansi ngati mwaponda siponji. Asintheni pakatha zaka ziwiri, kuchokera m'botolo lomata. Kumbuyo, galimoto zathu zambiri zili ndi madramu ndi malayiningi. Amatha pang'onopang'ono, koma akakhwepa katundu yense amagwera kutsogolo, choncho atseguleko n'kuona.

Ntchito ikatha musanyamuke mothamanga. Galimoto ikadali chiimire, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe, chifukwa pisitoni inabwezedwa m'kati ndipo kuponda koyamba kumapita pachabe. Ena agunda khoma la galaja lomwelo. Kenaka pezani malo oongoka opanda anthu, fikani pa 50 kapena 60, pondani mwapakatikati mpaka galimoto itsale pang'ono kuima, yendaninso kuti zizizire, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Mukutero kuti padi ndi disiki zizolowerane, padi isiye kautoto kake kopyapyala pa chitsulo. Masiku oyambirira pewani katundu wolemera ndi kuponda mwaukali pokhapokha pangozi.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa kachiwiri tsiku lija. Galimoto za otomatiki zatizoloweretsa kusiya giya pa D n'kutsika phiri lonse phazi lili pa buleki. Pansi pa D paja pali 2, L, S kapena B, malinga ndi galimoto. Anaziikira zitunda. Tsitsani giya muli pamwamba, injini igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya kuti ipume. Ndipo chizolowezi choika pa N kapena kuzimitsa injini potsetsereka pofuna kupulumutsa mafuta chithe. Ndikudziwa mmene mafuta avutira, tagonapo pa mizere tonse. Koma injini ikazima, chothandizira mabuleki chimatha mphamvu mukaponda kawiri kapena katatu, pedulo imasanduka mwala.

Za ndalama sindizipeputsa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pafupifupi sipeya iliyonse ya galimoto imachokera kunja. Munthu amene watenga bokosi lachitatu lija si wopusa, ndi kholo limene likuwerengera fizi, feteleza ndi ndiwo. Chimene ndikupempha ndi kusintha kaganizidwe pa nthawi yogula. Mapadi sakutha mwadzidzidzi ngati tayala lobayidwa ndi msomali. Amatha pang'onopang'ono, ndipo amaoneka. Nthawi iliyonse mukusintha oyilo, uzani makaniko asuzumire. Akanena kuti atsala mamilimita 5, muli ndi nthawi yosunga pang'onopang'ono, kufunsa mitengo m'mashopu atatu, ngakhale kutuma wachibale wochokera ku Joni. Munthu amagula feki chifukwa wafika pa kauntala chitsulo chikukhulana kale ndi chitsulo, m'thumba muli zochepa, mawa ndi Lolemba. Ndipo padi yodikirira mpaka pa chitsulo imapita ndi disiki yomwe, ndalama n'kuwirikiza.

Eni galimoto za matola, inu amene mumalandira ndalama madzulo aliwonse, dalaivala wanu akati mabuleki akulira musamuyankhe kuti ayendeko kaye sabata ino. Iye ndi amene ali pa chiwongolero, koma chisankho cha sipeya ndi chanu. COF ya ku Road Traffic imanena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Miyezi yotsatirayo woyeza ndinu. Pogula, tengani lisiti lolembedwa dzina la sipeya ndi nambala yake, kuti zikavuta mukhale ndi pogwira, kaya pobweza kushopu kaya pokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Ndipo posankha makaniko, kaya anaphunzira ku Nasawa Technical College kapena pansi pa mtengo kwa amalume ake, onani chinthu chimodzi: kodi ali ndi choyezera, ndipo amalola kuti muone nawo? Wodziwa ntchito sakwiya mukafunsa.

Nthawi ija galimoto yanga inagona kwa bambo aja masiku anayi, ine ndikuyenda pa minibasi, mpaka ndinapeza ndalama ya madisiki awiri ndi mapadi a dzina. Anapala mahabu, anatsuka mapini, anasintha kamphira kamodzi kong'ambika, anachotsa mafuta akale amene anali atada ngati tiyi wopanda mkaka. Titamaliza anakhala pambali panga, tinapita pa msewu woongoka, iwo akuwerenga mokweza ine ndikuponda, mpaka kakhumi. Potsika analemba makilomita a tsikulo ndi makulidwe a disiki pa kapepala, n'kundiuza kuti ndikasunge mu bluebook. Kakadali momwemo, ndipo tayezanso kawiri chiyambire. Pa malo a kamtsikana kaja ndimadutsapo m'mawa uliwonse ana akupita kusukulu, giya ndimatsitsa ndikadali pamwamba pa chitunda.